Ndinalonjeza Kusakhudza Nsomba

Ine ndajambulidwa kwambiri pa moyo wanga. Si kuti ndine wokongola ayi, mkazi wanga akhoza kuikira umboni. Nkhani ndi yoti thandala langa loyanikapo usipa ku Chembe lili m'mbali mwa njira imene alendo oona malo amadzera akamapita kukakwera maboti. Amaima, n'kuloza, n'kujambula usipa, manja anga, nthawi zina ndi mapazi anga ong'aluka omwe. Akachoka ndinkatsala ndi funso: kodi munthu amamva bwanji akamangoyenda, manja ali m'thumba, kuonerera anzake akugwira ntchito?

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinayambira nyuzipepala zokulungira zitumbuwa, kenako mabuku amene alendo amasiya kumalo ogona, omwe mlamu wanga wogwira ntchito kumeneko ankanditolera. Limodzi linali lolangiza alendo kayendedwe ka m'dziko lathu lomwe lino. Chingerezi chake ndinalimbana nacho dzinja lonse. M'menemo ndinapeza kuti mlendo weniweni akafika mumzinda ayambe wapita kumsika wa zakudya, ayende pang'onopang'ono, aone mitundu ya zinthu, amve fungo. Ndinaseka ndekha kuti anthu amachita kulemberana buku za kununkhiza msika. Komabe tsambalo ndinalipinda.

Mwayi unabwera chaka chatha, mvula ili pakati. Mwana wanga wamkazi woyamba amagwira ntchito ya muofesi ku Blantyre, ndipo kunapezeka mnyamata wofuna kumukwatira. Ankhoswe anali atakambirana kale. Chotsala chinali choti amayi ake a mnyamatayo, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Chilomoni, ankafuna tionane maso ndi maso, tidyere limodzi nkhomaliro. Mkazi wanga sakanatha kupita chifukwa mwana wathu wachiwiri anali m'chikuta. Ulendo unagwera ine ndekha.

Kutatsala sabata, mwanayo anaimba foni.

"Ababa, ndikupempheni chinthu chimodzi."

"Pempha."

"Musabweretse nsomba. Ndipo mukafika kuno, tsiku limenelo musakhudze nsomba."

"Iwe, munthu wa kunyanja akalowe pakhomo pa eni chimanjamanja?"

"Shuga ndi buledi ndigula ine. Ababa, chonde. Tsiku limodzi lokha."

Sindinafunse chifukwa, ndinkachidziwa. Ali ku sekondale yogonera konko, atsikana anzake ankatseka mphuno iye akamadutsa. Bulangeti lake, sutikesi yake, ngakhale makope ake, zonse zinkanunkha utsi ndi usipa wa kunyumba kwathu, fungo limene ife eni ake sitilimva. Zaka zinayi sanatiuze. Anadzauza amayi ake atamaliza sukulu, ndipo ine ndinamvera kwa amayi akewo. Ndiye atati chonde, ndinati, "Ndalonjeza."

Mkazi wanga anachapa zovala zanga katatu n'kukazisungitsa kwa telala, kutali ndi utsi wathu. Ine ndinadzikhula ndi mchenga ndi ndimu mpaka khungu linayamba kudandaula. Mu minibasi ndinakana mpando wakumbuyo chifukwa pansi pake panali dengu la utaka. Kondakitala anandiyang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kunsapato n'kuti, "Madala, mwabadwira ku Ulaya?"

Ndinafika Lachisanu madzulo. Mwanayo anali atandigulira jekete lotuwa, latsopano, la m'sitolo. Loweruka m'mawa anati akuyenera kukaonekera kuntchito mpaka masana, ndipo mnyamata uja adzatitenga pa galimoto wani koloko. Ine ndikhale, ndipume, ndionere wailesi yakanema.

Kupuma sindikudziwa. Ndinakhala pampando, ndinaima, ndinasuzumira pazenera n'kuona khoma la eni. Kwathu nthawi ngati imeneyo ndimakhala nditayang'ana kumwamba kakhumi, kuyeza mitambo. Iye asanatuluke pakhomo ndinati, "Undisiye kumsika waukulu uja wofolera. Ndikufuna ndikaone."

Anaima, kiyi ali m'manja. "Mukagula chiyani?"

"Palibe. Ndikupita ngati mlendo woona malo."

Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Kunsomba musapiteko, Ababa. Ndidzakupezani pageti hafu pasiti thwelofu. Foni ikalira muyankhe."

Ndinalowa mumsikamo nditavala jekete ndi chisoti changa choyera. Msika wa ku boma kwathu ku Mangochi ndimaudziwa, koma uwu unali wina. Denga lalitali, kuwala kochepa kolowera m'mipata, phokoso losowa kotulukira likungozungulira pamwamba pa mitu. Timipita tating'ono, pansi ponyowa. Matimati oundidwa ngati timapiri, nyemba za mitundu imene sindinkadziwa kuti ilipo, tsabola, anyezi, maapozi onyezimira ngati awapaka mafuta.

Vuto loyamba linali manja. Alendo amaika manja m'thumba. Ndinayesa, koma matumba a jeketelo anali osokedwa. Ndinaganiza kuti mwana wanga amubera, amugulitsa jekete lopanda matumba. Ndinadzamva pambuyo pake kuti majekete atsopano amabwera choncho. Ndiye ndinaika manja kumbuyo. Nditayenda pang'ono ndinaona amayi ena akundiyang'ana cham'mbali, akukonzakonza malonda awo. Ankayesa ndabwera kudzayendera msika.

Vuto lachiwiri linali kuyenda pang'onopang'ono. Buku lija silinanene kuti mumsika muli anthu osenza matumba. "Njira, madala! Njira!" Thumba la kabichi linandikhula phewa. Ndinapatukira kumanzere, ndinagunda wilibala. Ndinabwerera kumanja, ndinaponda mchira wa chitenje cha munthu.

Ndinatulutsa foni kuti ndijambule matimati, monga amachitira anzanga aja.

"Mukujambula chiyani, a Shehe?" anatero mayi wa matimatiwo.

"Sindine shehe, mayi. Ndine mlendo chabe."

"Mlendo wochokera kuti?"

"Ku Mangochi."

"Ku Mangochi kulibe matimati? Gulani kaye, mukajambulire kunyumba."

Anzake anaseka mpaka wina anagwira pabenchi. Ine ndinasekanso, nanga ndikanatani. Ndinapita patsogolo n'kupeza chinthu chonga kabichi koma choyera, chooneka ngati ubongo wa mbuzi. Ndinafunsa dzina lake, anandiuza, ndinaliiwala ndisanafike pabenchi yotsatira. Ndinayang'ana nthawi pafoni: sindinathe ndi theka la ola lomwe. Mapazi ankafuna kufulumira, manja kumbuyoko ankapotana okha. Kodi alendo aja amapirira bwanji tsiku lonse?

Kenako mphuno inayamba kunditsogolera.

Ndinadziwa kumene kuli nsomba ndisanakuone, ndipo ndinakhotera kwina. Ndinadutsa kwa ogulitsa mpunga, kwa ogulitsa nkhuku, ndinakhotanso. Koma timipita ta mumsika umenewo n'tachinyengo, kapena mwina achinyengo ndi mapazi anga. Kachitatu ndinapezeka ndaima poyambira mzere wa nsomba. Ndinadziuza kuti kuyang'ana si kukhudza.

Chimene chinandiimitsa si nsomba wamba. Usipa wouma bwino umanunkhira dzuwa. Koma usipa wofutsa umene aulongedza m'thumba usanaumitsitse, monga zimachitikira nthawi ya mvula anthu akamathamangira galimoto, umayamba kutentha m'kati. Fungo lake ndi lozuna mowawasa, ngati bulangeti lonyowa loiwalika m'bwato. Ukafika pamenepo watsala ndi tsiku limodzi. Mawa lake umafiira, umafumbutuka, ndipo amagula ndi oweta nkhuku okha.

Fungolo linkachokera pabenchi yachitatu. Panali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga, atakhala pambali pa matumba awiri akuluakulu omanga pakamwa. Pamwamba pake anali atafunditsa pulasitiki, poti denga linkadontha pamenepo. Pulasitiki! Mtima wanga unachita ngati wina wauponda.

Ndinaima chapatali, manja ali kumbuyo.

"Mayi, matumba awo munawamasula liti?"

"Mukugula?"

"Ayi."

"Nanga mukufunsiranji?"

"Tapisani dzanja mpaka pansi."

Anandiyang'ana ngati wamisala wovala bwino. Bambo wa pabenchi yoyandikana, wogulitsa milamba yowamba, anati, "Achemwali, amvereni akuluwa. Jeketelo lisakunamizeni, taonani zala zawo. Awa ndi a kunyanja."

Ndinabisa zala, koma mochedwa. Mayiyo anamasula thumba n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Analitulutsa msanga.

"Mayo! Mukutentha ngati muli makala!"

Anandiuza kuti geni ya usipa anaiyamba mwezi wapitawo amuna ake atachotsedwa ntchito, ndipo mpamba wake wonse unali m'matumba awiriwo. Wogulitsa anamuuza kuti ndi wouma. Iye ankaopa madzi a padenga, osadziwa kuti mdani ali m'kati kale.

"Musalire, sunafe wonse," ndinatero. "Kodi kuseri kuno kuli poti dzuwa limafika?"

Kunali kakhomo kotulukira kuseri, pa simenti pamene magalimoto amatsitsira katundu, ndipo dzuwa linali litang'amba mitambo. Bambo wa milamba anamuthandiza kukokera matumba kumeneko. Ine ndinkatsatira pambuyo, ndikulamula ndi pakamwa pokha ngati kapitawo. Yalani masaka. Khuthulani. Mwazani.

Anakhuthula mulu umodzi n'kuyamba kuukumba ndi zikhatho, akufinya, mitu ikuthothoka.

"Osafinya! Usipa saufinya."

"Nanga amatani?"

"Amau... mumachita chonchi, zala zikhale... ayi, osati choncho."

Ndinayesa kufotokoza katatu. Ine amene ndawerenga mabuku a eni mpaka kutha zikuto, ndinasowa mawu a ntchito imene ndaigwira kuyambira ndili wamng'ono. Manja anaiphunzira okha, pakamwa sanapauze. Ndipo kumadzulo mtambo wakuda unali ukubwera, wa mtundu umene ndimaudziwa bwino.

Sindikukumbuka kuti ndinaganiza. Ndikukumbuka kuti ndinabwerera m'kati, ndinavula jekete kuti lisade, n'kulikoleka pamsomali woyamba umene ndinauona. Msomaliwo unali pamwamba penipeni pa milamba yowamba. Foni inali m'thumba la m'kati, lokhalo losasokedwa.

Ndinapinda malaya, ndinanjuta, ndinalowetsa zala.

Ha! Kuyambira m'mawa thupi langa linali ngati la munthu wina, ndipo pamenepo linabwerera kwa mwini wake. Zala zimalowa pansi, zimanyamula mopepuka, zimagwedeza, usipa umagwa wokha umodziumodzi. Wofewa uku, woduka uko, wabwino pakati, mopyapyala kuti mphepo idutse. "Taonani, mayi. Mwaona? Tayesani." Anayesa, analakwitsa, anayesanso, zinayamba kubwera. Ndinamuonetsa kuthyola umodzi pafupi ndi khutu: wouma umalira, wonyowa umangopinda. Ndinamuuza kuti akamagula azipisa dzanja pansi pa thumba wogulitsa akuona, asachite manyazi, ndipo usiku asamamange pakamwa.

Tili pakati pa ntchito, panadutsa azungu awiri ndi zikwama kumsana. Mmodzi anaima, analoza, n'kundijambula. Ulendo wonse uja kuchoka ku Chembe, kudzajambulidwa nditanjuta pa usipa wa eni.

Titatembenuza kachiwiri, fungo loipa lija linali litayamba kuchoka. Tinaulowetsa madontho oyamba akugwa. Woduka unali wochepa kuposa mmene ndinkaopera. Mayiyo anatapa wabwino kwambiri, wa pakati, anaukulunga m'nyuzipepala n'kundipatsa ndi manja awiri, atapinda bondo.

"Ayi, mayi, sindingathe."

"Bambo, mukakana ndiye kuti mwanditukwana."

Mphatso yoperekedwa chotero saikana. Ndinalandira. Ndipo poti chizolowezi sichimva, ndinayamba kuwerenga nyuzipepala yokulungirayo, nkhani ya mpira ya chaka china. Ndili mkati mowerenga ndinaona nsapato zakuda, zopukutidwa bwino, zitaima patsogolo panga.

"Ababa."

Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"Ndaima pageti theka la ola. Ndaimba kasanu ndi kawiri. Kenako ndangobwera kuno. Sindinafunse ndi munthu yemwe."

"Awa ndi abambo anu, asisi?" anatero bambo wa milamba. "Tibwerekeni mawa, tili ndi ntchito!"

Mzere wonse unaseka. Iye sanaseke. Anachotsa jekete pamsomali, analibweretsa pafupi ndi mphuno, n'kutseka maso. Anapita kukagula mandimu awiri, ananditengera pampopi, anawadula ndi mano n'kundifinyira m'manja ngati ndine mwana. Ndinkakhula, iye akuthira madzi.

"Mwana wanga, mayi uja akanataya zonse."

"Ndamva, Ababa."

"Ndinayesa ndi pakamwa pokha."

"Ndamva. Tiyeni, akutidikira."

Phukusi lija analitenga n'kuliika kumbuyo kwa galimoto, kosungira katundu. Mnyamatayo anandipatsa moni mwaulemu wonse, anandikhazika kutsogolo, ndipo titangoyenda pang'ono anatsitsa galasi ngakhale kunkagwa mvula. Anati galimotoyo imachita nthunzi. Ndi mwana wabwino.

Njira yonse ine ndinkangoona m'maganizo kamtsikana kali ndi sutikesi pamutu, kakulowa pageti la sukulu, anzake atatseka mphuno. Anandipempha tsiku limodzi pa masiku onse a moyo wanga. Mandimu anachotsa za m'manja, koma malaya anali atamwa, ndipo jekete linkanunkha milamba ngati ndagona nayo. Ndinaganiza zolivula, ndinaganiza zolisiya, ndinasuntha pampando mpaka lamba wa galimoto anandikola pakhosi.

Amayi a mnyamatayo anatilandira pakhonde n'kutilowetsa m'nyumba. Ndi mayi wamkulu thupi, wa mawu ozolowera kufika kumbuyo kwa kalasi. Tinalonjerana, tinafunsana za kumudzi, za mvula, za mwana wobadwa kumene. Mwana wanga anagwada n'kupereka jumbo ya shuga ndi buledi. Mayiwo anathokoza, anasuzumiramo, n'kuiika pambali. Kenako anakweza mphuno pang'ono.

"Asewere," anatero, kunditchula monga amatchulirana makolo a ana okwatirana, "ndinamva kuti mwachokera ku Mangochi. Kapena Mangochi ake ndi ena?"

"Ndi omwewo, mayi."

"Ndiye ndithandizeni. Mphuno yanga yalandira kale, manja angawa ndi amene akudikira. Kapena nsombazo mwadyera m'njira?"

Mnyamata anati, "Amayi!" Mlongo wake, amene anali ataima pakhomo, anathawira kukhitchini, dzanja lili pakamwa.

Yankho ndinali nalo, linali m'galimoto panja. Koma silinali langa. Ndinali nditaphwanya lonjezo kamodzi, sindikanaliphwanyanso pamaso pa eni. Ndinangoyang'ana pansi, pa zala zanga zonunkhira ndimu.

Mwana wanga anali chigwadire. Kenako anaimirira n'kutambasulira dzanja mnyamata uja.

"Tandipatsani kiyi."

Anatuluka pamvula. Anabwera ndi phukusi la nyuzipepala, anagwadanso, analipereka ndi manja awiri.

"Abambo anga ntchito yawo ndi imeneyi," anatero. Mawu anatuluka ouma, koma anatuluka. "Asankha okha."

Mayiwo anamasula, anatola umodzi, anauyang'ana uku ndi uku. Ine, poopa kuyamba ubale ndi bodza, ndinaulula kuti usipawo ndaupeza mumsika wa mumzinda momwemo, ndipo ndinafotokoza mmene zinayendera. Anaseka mpaka anavula magalasi.

"Ndiye mwabwera kudzaona malo, mwathera kugwira ganyu! Koma ine usipa umandiwawira ndikaphika. Ndimalakwitsa pati?"

Ndinatsegula pakamwa, koma mwana wanga anayamba ndiye. Anatola umodzi, anautsina pansi pa mutu, anakoka, ndipo mutu unachoka pamodzi ndi zakuda za m'mimba. "Zowawa ndi izi, amayi. Mukatero muuviike m'madzi ofunda pang'ono." Anatolanso wina, ndi wina. Zala zake zinkayenda mofulumira, osayang'anapo n'komwe. Zaka zonse za muofesi sizinamuiwalitse. Anaupititsa yekha kukhitchini, ndipo pa nkhomaliro panali nkhuku, panali mpunga, panalinso kambale ka usipa wa matimati kamene kanayamba kutha.

Musaganize kuti nkhani inathera pamenepo. Titabwerera kunyumba kwake, atatseka chitseko, anati, "Komabe munalonjeza, Ababa."

"Ndinalonjeza."

"Amayi aja akanakhala munthu wina?"

Akanakhala munthu wina, mwana wanga akanabwerera ku sekondale kuja tsiku limenelo, ndipo womubwezera ndikanakhala ine. Ndinapepesa. Anagwedeza mutu, n'kuti jeketelo ndiligoneke pakhonde.

Lilipobe jeketelo. Mkazi wanga walichapa kangapo, koma kukachita chinyezi limakumbukira milamba, nsomba zoti si zanga n'komwe. M'foni muli zithunzi zitatu za ulendo wanga woona malo: chala changa chachikulu, theka la benchi ya matimati, ndi simenti yonyowa. Mbali ina ya msikawo, kumene amati kuli zonunkhiritsa ndiwo za mitundumitundu, sindinafikeko.

Mwezi watha mwanayo anaimba. Apongozi ake akufuna usipa, wa pathandala langa, osati wa mumsika. Anati adzabwera yekha kudzatenga.

"Koma Ababa, mudzaukulunge bwino. Mapepala atatu, ndi jumbo pamwamba. Ndidzakwera minibasi."

Ndinati jumbo ayi, umatentha. Iye anati, "Chabwino, mapepala okha. Koma anayi."